Chuma Choikiza: Mbiri ya Matchalitchi a ku Scotland

MBUZI YOIKIZA

Munthu akakhala ndi mbuzi koma alibe khola, amapita nayo kwa mnzake naiikiza kumeneko. Mwini khola amaidyetsa, amaitsekera madzulo, ndipo ikaswa amawerenga ana ake. Koma saloledwa kuipha pa maliro a kwawo, kapena kuigulitsa kuti apeze ndalama ya msonkho, pakuti mbuziyo si yake. Tsiku limene mwini wake adzafika, wosungayo ayenera kumuonetsa mbuzi ija pamodzi ndi ana ake, kapena kufotokoza bwino kumene inapita.

Chuma cha mpingo chili chotero. Tchalitchi, nyumba ya abusa, sukulu, munda ndi ndalama za m'thumba, zonsezi zinachokera kwa anthu amene anapereka kuti ntchito ina yake ichitike. Ambiri a iwo anamwalira kale, ndipo sadzabweranso kudzafunsa. Tsono pamene ana a mpingo agawikana, kapena pamene nyumba yatsala yopanda anthu, mafunso ovuta amabuka. Ndani ali ndi mphamvu yoitenga, yoigulitsa, kapena yoisandutsa chinthu china? Nanga ndalama yake ipite kuti?

Dziko limene lalimbana ndi mafunso amenewa kwa zaka zambiri ndi Scotland, kumpoto kwa England. Ndilo dziko la kwawo kwa David Livingstone, ndiponso kwa amishoni amene anayambitsa Livingstonia ndi Blantyre. Mbiri ya matchalitchi ake iyenera kuyambira pa tsiku limene abusa mazanamazana anasiya nyumba zawo.

ABUSA ASIYA NYUMBA ZAWO

Kale mpingo waukulu wa ku Scotland unali Church of Scotland. Unali mpingo wa dziko, pakuti malamulo a boma ndiwo anautchinjiriza. Eni malo a m'chigawo chilichonse anali ndi udindo womanga tchalitchi ndi nyumba ya abusa, ndipo malipiro a abusa ankachokera ku gawo la zokolola za dziko. Koma amene adyetsa munthu amafunanso kumlamula. M'chaka cha 1712 Nyumba ya Malamulo ya ku London inaika lamulo lakuti eni malo aakulu ndi akuluakulu ena azisankhira mipingo abusa. Motero mbusa ankatha kulowa m'mudzi ngakhale Akhristu a pamenepo atamkana.

Ambiri anadandaula nalo lamulo limeneli. Mtsogoleri wawo anali Dr Thomas Chalmers, mlaliki wotchuka ndi mphunzitsi wa abusa. Iwo anati mutu wa mpingo ndi Khristu yekha, ndipo boma lisalowerere pa zinthu zauzimu. Kwa zaka 10 anayesa kukonza nkhaniyi ali m'kati mwa mpingo, koma mabwalo a milandu anaimira eni malo.

Pa 18 Meyi 1843 Msonkhano Waukulu wa mpingo unakumana m'tchalitchi cha St Andrew's mumzinda wa Edinburgh. Mtsogoleri wa msonkhanowo, Dr David Welsh, anaimirira nawerenga kalata ya madandaulo, naisiya pa tebulo, natuluka. Chalmers anamtsata, ndipo pambuyo pawo panatuluka abusa ndi akulu a mpingo ambirimbiri. Anayenda mumsewu pakati pa khamu la anthu kufikira ku nyumba yaikulu ya Tanfield, nayambitsa kumeneko mpingo watsopano, Free Church of Scotland, ndiko kuti Mpingo Waufulu. Abusa onse amene anatuluka anaposa 450, ndiwo ngati mmodzi pa atatu alionse.

Anthu amenewa anachoka chimanjamanja. Mbusa aliyense analemba dzina lake pa kalata yosiya malipiro ake, tchalitchi chake, ndi nyumba imene ankagonamo ndi banja lake. Panalinso chinthu china chowawa. Zaka zochepa izi zisanachitike, Chalmers anayendayenda m'dziko kusonkhanitsa ndalama, ndipo matchalitchi atsopano oposa 200 anamangidwa. Ambiri amene anapereka ndalamazo anali omwewa otulukawa. Koma mabwalo anagamula kuti nyumbazo zinaperekedwa ku Church of Scotland, ndipo zambiri zinatsala komweko. Pamenepo anthu anaphunzira kuti chopereka chikachoka m'manja mwa munthu, sichimtsatanso kumene iye apita.

KUMANGA MWATSOPANO

Mpingo Waufulu unayamba wopanda denga, koma unali ndi anthu. Chalmers anapempha kuti Mkhristu aliyense azipereka kobiri limodzi pa mlungu. Ndalamazo zinkapita m'thumba limodzi, ndipo mbusa wa mudzi wosauka wa kumapiri ankalandira gawo lofanana ndi la mbusa wa mumzinda. Kuwonjezera apo anthu anasonkha za kumanga. Zisanathe zaka 5 anali atamanga matchalitchi oposa 700. Anamanganso nyumba za abusa, masukulu mazana ambiri, ndi sukulu yaikulu yophunzitsa abusa ku Edinburgh, dzina lake New College.

Eni malo ena anakwiya, nakana kugulitsa ngakhale kachigawo kakang'ono komangapo tchalitchi. Anthu ankapemphera pabwalo, m'mphepo ndi m'mvula. Ku mudzi wa Strontian, m'mbali mwa madzi a Loch Sunart, anthu atakanizidwa malo anapangitsa tchalitchi chachitsulo choyandama ngati chombo. M'chaka cha 1846 chinakokedwa ndi sitima kufikira kumeneko, ndipo tsiku la Mulungu anthu ankapita kukapemphera pa mabwato.

Motero pafupifupi m'mudzi uliwonse munaima matchalitchi awiri, chakale ndi chatsopano. Njerwa ndi miyala ya chatsopanocho zinagulidwa ndi makobiri a asodzi, antchito a m'mafakitale ndi akazi amasiye, pamodzi ndi mapaundi a amalonda olemera.

Pali mfundo imodzi yofunika kuikumbukira. Chalmers ndi anzake sananene kuti thandizo la boma ndi loipa. Iwo anaphunzitsa kuti boma lili ndi udindo wothandiza mpingo woona, koma lisaulamule. Mfundo imeneyi inalembedwa m'makalata oyambitsa mpingowo. Pa nthawiyo inaoneka yaing'ono, koma patapita zaka 60 inagwedeza dziko lonse.

MLANDU WAUKULU

Ku Scotland kunalinso mpingo wachitatu waukulu, United Presbyterian Church, umene unapangidwa m'chaka cha 1847. Chiphunzitso chake chinali pafupi kwambiri ndi cha Mpingo Waufulu, koma iwo anati mpingo usalandire konse ndalama za boma. Mipingo iwiriyi inkathandizana pa ntchito zambiri. Pamene Mpingo Waufulu unatuma amishoni ku Nyanja ya Nyasa m'chaka cha 1875, nayambitsa Livingstonia ku Cape Maclear, mmodzi wa iwo anali Dr Robert Laws. Iye anali mbusa wa United Presbyterian Church, ndipo mpingo wakewo ndiwo unkamlipira. Motero kunyanja mipingo iwiriyi inali kudyera mbale imodzi kale, akulu a ku Scotland asanagwirizane.

Mu Okutobala 1900 Msonkhano Waukulu wa Mpingo Waufulu, motsogozedwa ndi Dr Robert Rainy, unavomera kuphatikana ndi mpingo winawo. Ovomera anali 643, okana 27. Mpingo wophatikanawo unatchedwa United Free Church. Koma abusa osafika 30 anakana kulowamo, pamodzi ndi Akhristu awo, ambiri a iwo a kumapiri ndi kuzilumba za kumpoto. Iwo anati: makolo anapereka chuma ichi ku Mpingo Waufulu ndi chiphunzitso chake, amene asintha chiphunzitsocho ndiwo atuluka, ndipo otsala pa chiphunzitso chakale ndiwo Mpingo Waufulu weniweni. Anthu ambiri anawaseka, koma iwo anatengera nkhaniyo ku bwalo la milandu.

Mlanduwo umadziwika ndi dzina la Lord Overtoun, pakuti iye anali mmodzi wa asungi a chuma cha mpingo amene anasumiridwa. Ndiye yemwe uja anatsogolera bungwe loyang'anira Livingstonia, napereka ndalama zambiri, kotero kuti sukulu yaikulu ya ku Khondowe inatchedwa Overtoun Institution.

Mabwalo a ku Scotland anaimira ochuluka aja. Koma ochepawo sanafooke. Anapita ku bwalo lalikulu koposa la nthawi imeneyo, la House of Lords ku London. Pa 1 Ogasiti 1904 oweruza 7 anapereka chigamulo. Oweruza 5 anaimira ochepawo, 2 okha anaimira ochuluka. Iwo anati ntchito ya bwalo si kuwerenga mitu ya anthu, kapena kusankha chiphunzitso chabwino, koma kufunsa chimene operekawo anaperekera chuma chawo. Popeza mfundo ya udindo wa boma inali m'maziko a mpingo wa 1843, ndipo oyambitsawo sanalembe kuti ana awo angathe kuisintha, chuma chonse chinayenera kukhala cha iwo amene anaisunga.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Dziko lonse linadabwa. Abusa osafika 30 anapezeka ali eni a matchalitchi mazanamazana, masukulu 3 ophunzitsa abusa a ku Edinburgh, Glasgow ndi Aberdeen, matumba a ndalama, ndi ntchito za mishoni za kumaiko akutali. M'malo ena mipingo yodzaza inatulutsidwa m'nyumba zimene inazimanga yokha, makiyi naperekedwa kwa anthu owerengeka. Aphunzitsi ndi ophunzira a United Free Church anachotsedwa ku New College.

Koma opambanawo anapeza kuti asenza katundu wowaposa. Analibe abusa okwana kulalika m'matchalitchi onsewo, analibe aphunzitsi odzaza masukuluwo, analibenso anthu otuma ku mishoni. Chigamulo chinasunga mawu a makolo, koma ntchito imene makolowo anaperekera makobiri awo inali pafupi kuima.

Pamenepo boma linalowererapo. Linasankha akuluakulu ofufuza nkhaniyi motsogozedwa ndi Lord Elgin, ndipo m'chaka cha 1905 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo logawa chumacho. Muyeso wake unali wakuti chinthu chilichonse chipite kwa amene angathe kuchita nacho ntchito imene chinaperekedwera. Kumene munthu mmodzi pa atatu alionse a mpingo anakana chiphatikano cha 1900, tchalitchi chinatsala kwa Mpingo Waufulu. Kwina konse chinapita ku United Free Church. New College inabwerera kwa ochuluka, ndipo ochepawo anapatsidwa nyumba ina pafupi pomwepo yophunzitsiramo abusa awo, ndi gawo la ndalama. Livingstonia inapitiriza ntchito yake pansi pa United Free Church.

Mlandu umenewu unadya zaka zambiri ndi ndalama zambiri zimene zinaperekedwa kuti zifalitse Uthenga Wabwino. Unasiyanso chidani m'midzi, pakati pa anthu apachibale.

MATCHALITCHI ACHULUKA

Chibale ndi fupa, sichiola. Lamulo la 1712 lija linali litachotsedwa kale m'chaka cha 1874, ndipo Church of Scotland ndi United Free Church zinayamba kukambirana zobwererana. Koma tsopano akulu anali atachenjera: anayamba akonza za malamulo ndi za chuma, chiphatikano chisanachitike. M'chaka cha 1921 Nyumba ya Malamulo inavomera kuti Church of Scotland ndi yaufulu pa zinthu zauzimu. M'chaka cha 1925 lamulo lina linachotsa matchalitchi ndi nyumba za abusa m'manja mwa eni malo, niliziika m'manja mwa bungwe la asungi a mpingo, lotchedwa General Trustees. Manda a pa matchalitchi akale anaperekedwa ku makhonsolo. Pomaliza, mu Okutobala 1929, mipingo iwiri ija inakhala umodzi. Panali ena ochepa amene anakana, koma za chuma anapangana nawo mwamtendere, ndipo mlandu wonga wa 1904 sunabwerenso. Ku Nyasaland chiphatikano chinali chitatsogola kale, pakuti Livingstonia ndi Blantyre zinapanga mpingo wa C.C.A.P. m'chaka cha 1924, ndipo Nkhoma inalowamo m'chaka cha 1926.

Chimodzi chinatsala chosakonzeka. Mpingo umodzi unapezeka uli ndi matchalitchi awiri kapena atatu mumsewu umodzi, ena oyang'anana makomo. Chilichonse chinafuna denga labwino, moto wa nyengo yozizira, ndi mbusa wake. Pamene anthu anali ambiri, katunduyo anasenzeka. M'zaka za m'ma 1950 Akhristu olembedwa m'mabuku a Church of Scotland anali ngati 1,300,000. Koma chiwerengerocho chinatsika chaka ndi chaka, ndipo pofika 2021 chinali chosakwana 300,000. M'chaka chomwecho Msonkhano Waukulu unalamula kuti Presbiterio iliyonse ilembe nyumba zimene idzasunga ndi zimene idzasiya. Motero adzukulu a anthu amene anamanga ndi makobiri awo anapezeka ali ndi ntchito yogulitsa.

MAGULITSIDWE AKE

Njira imene mpingowu unakhazikitsa inachokera ku zowawa za kale. Mbusa payekha sangagulitse tchalitchi, ngakhale akulu a mpingo paokha. Nkhani imayamba kukambidwa pakati pa mpingo wa pamalopo ndi Presbiterio. Kawirikawiri mipingo iwiri yoyandikana imaphatikana, nisankha nyumba imodzi yopemphereramo. Ngati nyumba yotsalayo ili m'manja mwa asungi aja, iwo ndiwo amayendetsa malonda ake. Ndalama yake sigawidwa kwa Akhristu, ndipo silowa m'thumba la munthu. Imasungidwa m'dzina la mpingo wophatikanawo, makamaka kuti izikonzera nyumba zimene zatsala. Malamulo a dziko amafunanso kuti asungi a chuma choperekedwa achite zokomera ntchitoyo, osati zokomera iwo eni kapena abale awo.

Pali zinthu zina zimene anthu amazisamala koposa. Zikho za Mgonero ndi matabwa olembedwa maina a anthu ofera kunkhondo kawirikawiri amazisamutsira ku tchalitchi china. Manda amene anaperekedwa ku makhonsolo sagulitsidwa pamodzi ndi nyumba. Ngati nyumbayo ndi yakale ndi yambiri, boma sililola wogula kuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo. Ndipo asanatseke chitseko, anthu amasonkhana komaliza kuyamika Mulungu chifukwa cha onse amene anabatizidwa, kukwatitsidwa ndi kuperekezedwa kuchokera m'nyumbamo.

Nyumba zosiyidwa zapeza ntchito zamitundumitundu. Tchalitchi cha St George's West ku Edinburgh, chimene chinamangidwa ndi Mpingo Waufulu, chinagulidwa ndi mpingo wina wa Charlotte Chapel, umene unalowamo m'chaka cha 2016. Nyimbo za Mulungu zinapitirira m'menemo. Ku Portobello, m'mbali mwa mzinda womwewo, anthu a m'deralo anagwirizana nagula tchalitchi chakale m'chaka cha 2017 kuti chikhale nyumba ya misonkhano ya onse. Tchalitchi cha Queen's Cross ku Glasgow, chimene mapulani ake anajambula Charles Rennie Mackintosh, chinatengedwa m'chaka cha 1977 ndi bungwe losunga ntchito za mmisiriyo. Tchalitchi cha Tolbooth, chokhala ndi nsanja yaitali pafupi ndi linga la Edinburgh, chinatsegulidwanso m'chaka cha 1999 monga likulu la chikondwerero cha nyimbo ndi masewero. Koma tchalitchi cha Kelvinside ku Glasgow, chomangidwa ndi Mpingo Waufulu m'chaka cha 1862, chinayamba chakhala sukulu ya Baibulo, kenaka m'chaka cha 2004 chinasanduka malo a masewero ndi omwerapo mowa.

Pa zinthu zotere Akhristu sagwirizana onse. Ena amati mpingo ndi anthu, si miyala ayi. Nyumba ikatha ntchito yake ndi nyumba chabe, ndipo kukana mtengo wabwino ndi kumana ntchito ya Mulungu ndalama. Ena amati mkazi wamasiye amene anapereka kobiri lake sanaperekere malo omwerapo mowa, ndipo kuli bwino kulandira zochepa kwa wogula amene adzalemekeza nyumbayo. Komanso tchalitchi chimachoka m'manja kamodzi kokha. Wogula woyamba angakhale wabwino, koma iye akadzagulitsanso, mpingo sudzakhalanso ndi mawu amphamvu. N'chifukwa chake nkhani zimenezi zimakambidwa miyezi yambiri, nthawi zina ndi misozi.

MSUNGI WOKHULUPIRIKA

Mbiri ya ku Scotland ionetsa kuti msungi angalakwe m'njira ziwiri. Angathe kuyesa chuma choikiza ngati chake, nachita nacho zofuna iye, poganiza kuti popeza ali ndi anthu ambiri kumbuyo kwake palibe wom'funsa. Oweruza a 1904 anakumbutsa ochuluka aja kuti akufa nawonso ali ndi mawu pa chimene anapereka. Koma msungi angathenso kugwiritsa chumacho zolimba, osachita nacho kanthu, kufikira ntchito imene chinaperekedwera itafa. Lamulo la 1905 linakumbutsa ochepa aja kuti makolo sanapereke makobiri awo kuti amange nyumba zokhala zotseka.

Wosunga mbuzi ya mnzake akaigulitsa mobisa nadya ndalama, ndi wakuba. Koma akaisiya m'khola logumuka kufikira fisi ataigwira, chifukwa choopa kuisamutsa, sanasungenso bwino. Wokhulupirika amayamba wafunsa chimene mwini mbuzi anafuna. Akaona kuti iyenera kusamuka kapena kugulitsidwa, amaitana mboni, nachita malondawo masana, nasunga ndalama yonse m'dzina la mwini wake.

Mipingo imene ikumanga lero, imene anthu ake akuumba njerwa ndi kututa mchenga, nayo idzasiyira adzukulu mafunso omwewa. Chimene ingawathandize nacho ndi kulemba bwino, nyumba ikadali yatsopano: malo ndi a yani, anaperekedwera ntchito yanji, ndani ayenera kuvomera asanagulitsidwe, ndipo ndalama yake idzapita kuti. Anthu a 1843 anamanga matchalitchi oposa 700, koma sanalembe ngati ana awo adzaloledwa kusintha zimene iwo anaika, ndipo mawu osalembedwawo ndiwo anatengera adzukulu awo ku bwalo la ku London.